Mapuloti atsopano kuchigwa: tibzale mitengo yanji kuti ipulumuke Okutobala?

Mthunzi_Ngabu
Akuluakulu, ndabwera ndi funso lofuna anthu odziwa. Kuno kuchigwa cha Shire mapuloti atsopano akutsegulidwa mbali zonse, ku Dyeratu, ku Nchalo, ku Ngabu, ku Bangula mpaka ku Nsanje, osaiwala malo okwera kumene akusamukira anthu othawa madzi. Koma kachitidwe kake n'kamodzi: kuyamba n'kugwetsa mtengo uliwonse, kulambula mpaka fumbi, kenako mu Januwale kubwera ndi mbande n'kuzindandalika m'mbali mwa msewu. Pofika Okutobala mwangotsala timitengo touma ndi maenje. Tiyerekeze dera la mapuloti 100, misewu itatu yafumbi, mjigo umodzi wa madzi amchere pang'ono, dothi la makande. Tibzale chiyani, pati, motalikirana bwanji, ndipo tizisamale bwanji kuti mvula ya dzinja lotsatira izipeze zili moyo?

Chigubu20
Nimu basi. Yang'anani mitengo imene anthu amabisalapo masana a Novembala pa Ngabu kapena pa Nchalo, yambiri ndi nimu. Akangogwira safunanso kuthirira, chiswe sichimukonda, ndipo sayoyola masamba onse nthawi imodzi.

MaiNazale_Bangula
A Mthunzi, nkhani ya mtundu ibwere pambuyo. Yambani mwawerengera madzi. Mvula ya kuchigwa m'malo ambiri siipitirira mamilimita 800 pachaka, ndipo imagwa m'miyezi inayi yokha. Kuchokera Meyi mpaka Novembala mbande imadalira munthu. M'miyezi yozizira, Meyi mpaka Ogasiti, chigubu chimodzi cha malita 20 pa sabata chimakwanira mtengo umodzi. Kuyambira Sepitembala mpaka mvula itagwa, pomwe kutentha kumapitirira madigiri 40, pamafunika zigubu ziwiri pa sabata.

Tsopano chulukitsani. Mitengo 200 ndi zigubu 400 pa sabata, malita 8,000. Ngakhale chigubu chitamadzaza pa mphindi ziwiri, amenewo ndi maola oposa 13 munthu ali pa chogwirira cha mjigo, mjigo womwewo umene amayi amaima pamzere kuyambira mbandakucha. Ndiye mukamva kuti dera la mapuloti 100 lalandira mbande 3,000, dziwani kuti madzi ake kulibe. Bzalani mitengo iwiri pa puloti, umodzi kutsogolo kwa msewu, wina kumadzulo kwa nyumba, ndipo uliwonse ukhale ndi khomo loudziwa kuti ndi wake. Zigubu zinayi pa sabata banja lingathe. Chaka chotsatira mukuwonjezera ina.

Chigubu20
Apo mayi mwanena zoona. Komabe pa iwiriyo, nimu.

FondeshoniYolimba
Ine ndilowe pa nkhani ya makande, chifukwa ambiri amaiona mochedwa khoma litang'aluka kale. Dothi lakuda lija likanyowa limafufuma, likauma limanyala n'kung'ambika ming'alu yolowa dzanja. Nyumba imene ili pamwamba pake imakwera ndi kutsika chaka chilichonse. Mukaika mtengo wakumwa madzi ambiri pafupi ndi khoma, mbali imeneyo imauma kwambiri kuposa mbali zina, ngodya ya nyumba imatsika yokha, ndipo mng'alu umayambira pa kona ya windo n'kumatsika mopendekera. Anthu amati muzu wakankha khoma, pamene kawirikawiri muzuwo wangomwa madzi apansi pa fondeshoni.

Muyezo wosavuta kukumbukira ndi uwu: pa makande, mtengo utalikirane ndi khoma mofanana ndi msinkhu umene udzafike ukakula. Nimu, kesha, mtangatanga, mamita 10 kapena kupitirira apo. Bulugamu asayandikire n'komwe. Sepitiki ndi mapaipi a madzi muziwaona ngati khoma. Pa dothi lamchenga mutha kuchepetsa mpaka mamita 5 kapena 6.

Nyamadzere_boy
Mamita 10? Bambo, puloti ya mamita 15 kwa 30 mamita khumiwo achoka kuti? Ndipo mtengo uli kutali chonchi mthunzi wake uthandiza ndani?

DzuwaLaMasana
Uthandiza nyumba yomweyo, achimwene, ngati waima mbali yoyenera. Kuno kuchigwa dzuwa limadutsa paliwombo penipeni kumayambiriro kwa Novembala komanso kumayambiriro kwa Febuluwale. Nthawi imeneyo makoma a kumpoto ndi kummwera salandira dzuwa lambiri. Amene amapsa ndi malata, khoma la kummawa m'mawa, ndi khoma la kumadzulo masana. Loopsa ndi la kumadzulo, chifukwa limamwa kutentha kuyambira 1 koloko mpaka dzuwa kulowa, n'kumakutulutsira m'chipinda usiku wonse.

Cha m'ma hafu pasiti thu, mthunzi umatalika ngati mtengo wake. Pofika 4 koloko umakhala utatalika pafupifupi kawiri. Ndiye mtengo wa mamita 8 umene waima mamita 10 kumadzulo, kuphatikizapo kutambalala kwa nthambi zake, umayamba kuphimba khoma cha m'ma 3 koloko, nthawi yomwe kutentha kwafika pachimake. Womwewo mukauika kumpoto kapena kummwera, mu Okutobala nyumba siipindula kanthu.

Pa puloti yopapatiza, mtengo wa kumadzulo kwanu ukhoza kuima pamalire kapena m'mbali mwa msewu. N'chifukwa chake mitengo iyenera kujambulidwa pa mapu a dera lonse, pamodzi ndi misewu, mwinipuloti asanakumbe fondeshoni. Msewu wochoka kumpoto kupita kummwera umalandira mthunzi m'mawa ndi madzulo kuchokera ku mizere ya m'mbali. Wochoka kummawa kupita kumadzulo dzuwa limauyenda mlitali tsiku lonse, ndiye umenewo umafuna mitengo yotambalala imene nthambi zake zidzakumane pamwamba.

Nyamadzere_boy
Zamveka. Nanga malata?

DzuwaLaMasana
Malata musawaphimbe ndi nthambi. Masamba amadzaza m'mipata n'kuyambitsa dzimbiri, ndipo nthambi ikathyoka ndi mphepo imagwera anthu ali m'tulo. Malata amafuna siling'i, denga lokwera ndi mpata wotulutsa mpweya wotentha.

Mtondo_waNsanje
Ndibwerere kwa a Chigubu. Nimu ndi wabwino, koma dera lonse la nimu yekha ndi kuika mazira onse pa mutu wa mwana mmodzi. Choyamba, nimu sapirira madzi oima. Pamalo pomwe madzi amakhala masabata awiri kapena atatu, masamba amachita chikasu, mizu n'kuola. Kuchigwa malo otere alipo ambiri, ndipo amene anaona madzi a 2015, a namondwe Ana mu 2022 ndi a namondwe Freddy mu 2023 amawadziwa. Chachiwiri, mbalame ndi mileme zimamwaza njere zake, moti amamera m'ngalande ndi m'mipanda mpaka kupondereza mitengo yachilengedwe. Chachitatu, matenda a mtundu umodzi akabwera, msewu wonse umatsala pambalambanda.

Sakanizani. Bwemba amakula pang'onopang'ono, koma mthunzi wake ndi wothithikana, nthambi zake ndi zolimba pamphepo, ndipo amapirira chilala. Msikidzi umakhala wobiriwira chaka chonse, ndi woyenera pa sukulu, pa chipatala ndi pa msika, bola pansi pakhale chinyezi pang'ono. Mtondo ndi wa kuno kwenikweni, umatambalala bwino ndipo ana amadya matondo. Mbawa isiyireni malo ozama oyandikira mtsinje. Kachitidwe kabwino mumsewu ndi kusinthanitsa: nimu, bwemba, nimu, msikidzi, motalikirana mamita 6. Nimu apereke mthunzi msanga, ndipo pakatha zaka 10 kapena 12, ochedwawo akayamba kupanikizika, mukuchotsa nimu wina n'kutsala ndi mitengo ya zaka zambiri yotalikirana mamita 12.

Chigubu20
Kudula mtengo wa zaka khumi umene anthu azolowera mthunzi wake? Palibe angavomere zimenezo.

Mtondo_waNsanje
Ngati sangavomere, muzimudulira nthambi za mbali ya bwembayo chaka ndi chaka. Nimu amaphukira bwino akadulidwa, ndipo nthambizo ndi nkhuni.

MlangiziWakale
Palibe watchula nsangu, pamene ndi mtengo umene umachita zosiyana ndi inzake. Umayoyola masamba nthawi ya mvula n'kukhala wobiriwira m'chilimwe. Mwezi umene mthunzi ukufunika kwambiri, nsangu ili ndi masamba.

MaiNazale_Bangula
Zoona bambo, koma osati pakhomo. Ili ndi minga, imakula kwambiri, ndipo zipatso zake zikamagwa mbuzi ndi ng'ombe za dera lonse zimasonkhana pamenepo, n'kumaliza ndi mbande zina zoyandikira. Iikeni kumalire a dera, m'mbali mwa ngalande yaikulu kapena pa bwalo la ziweto. Komanso ku nazale imavuta: muzu wake waukulu umathamanga kupita pansi, ndiye isapitirire miyezi iwiri m'chubu, ndipo machubuwo akhale pa thandala kuti muzu ukatulukira pansi uume wokha ndi mpweya. Njere zake muzizicheka pang'ono khungu musanafese.

Ina yoti musamale nayo: mkuyu ndi kachere mizu yake imasaka madzi mpaka m'mapaipi ndi m'zimbudzi. Mvunguti usakhale poimika magalimoto kapena posewerera ana chifukwa cha kulemera kwa zipatso. Chammwamba ndi wa ndiwo, mthunzi alibe ndipo amathyoka msanga. Mango amadana ndi mchere, ndiye pa mjigo umene a Mthunzi atchulawo muona nsonga za masamba zikupsa.

Kabaza_Dyeratu
Mukutchula mitengo yonseyi koma masau mwawasiya. Kuchigwa kopanda masau?

Tsanya77
Masau ndi ndalama. Nyengo yake ikafika amakwera nawo mpaka ku Blantyre, ndipo ouma amasungika miyezi.

Kabaza_Dyeratu
Nanga malambe? Masiku ano mpaka a mafiriziwa akuwasaka.

Tsanya77
Mlambe wobzala lero adzadye ndi adzukulu. Umene ulipo kale ndiye usagwetsedwe, msewu uzungulire. Chimene chikumaliza mitengo kumapuloti atsopano ndi mauvuni a njerwa. Munthu asanamange wayamba wadula tsanya ndi mtondo wapafupi kuti aotchere njerwa, n'kusiyanso dzenje lodikha madzi ndi udzudzu kuseri kwa puloti.

FondeshoniYolimba
Ndipo njerwa za makande sizilimba, zimang'aluka pouma. Mabuloko a simenti amadula pogula, koma amadya matope ochepa pomanga ndipo khoma limakwera msanga. Owerengera bwino amapeza kuti kusiyana kwake sikwakukulu monga amaganizira.

Mtondo_waNsanje
Amene akufuna kuona mmene chigwa chino chimaonekera mitengo ikasiyidwa akaone nkhalango ya Khulubvi ku Nsanje, kumene kuli kachisi wa Mbona, kapena alowe kumalo osungira nyama zakutchire a Lengwe. Dothi ndi lomweli, dzuwa ndi lomweli.

Mthunzi_Ngabu
Akuluakulu tibwerere kumapuloti. Masau alowa pa mpanda, tavomereza. Tsopano dzenje likumbidwe bwanji pa makande?

MlangiziWakale
Masentimita 60 mulitali, 60 mulifupi, 60 kuya, la makona anayi. Likumbidwe mu Okutobala kapena Novembala, mvula isanagwe, chifukwa makande onyowa amamata ku khasu ndipo makoma a dzenje amasalala ngati mkati mwa mphika. Mizu ikafika pa khoma losalalalo imangozungulira. Ngati asalala, akandeni ndi pikisi.

Dothi lapamwamba, masentimita 30 oyamba, liikeni mbali imodzi, lapansi mbali ina. Lapamwambalo musakanize ndi ndowa imodzi ya manyowa a ng'ombe owolerana bwino, akuda, osanunkha, osatentha mukapisamo dzanja. Kuchigwa makola ndi ambiri, manyowa sasowa, koma aawisi amaotcha mizu ndi kuitana chiswe. Musadzaze dzenje ndi mchenga wokhawokha poganiza kuti mukufewetsa. Dzenje la mchenga pakati pa makande limasanduka chitsime, madzi onse ozungulira amathira mmenemo, mbande n'kumira.

Musanabzale yesani: thirani madzi mpaka dzenje lidzaze. Mawa lake ngati madzi akadalimo, pamenepo bzalani pa mulu. Kwirirani dzenje, muunjike dothi masentimita 20 mpaka 30 pamwamba, mulu wotambalala mita imodzi, mbande ikhale pamwamba pake, beseni lothiriramo lizungulire m'munsi. Ngati madzi aphwa tsiku lomwelo, bzalani mofanana ndi nthaka n'kupanga beseni la mita imodzi. Khosi la mbande likhale pomwe linalekezera dothi la m'chubu. Kukwirira mozama kumaoletsa tsinde.

MaiNazale_Bangula
Ndiwonjezere za mbande zenizenizo. Yabwino ndi ya masentimita 30 mpaka 45, tsinde lake lolimba ngati pensulo. Yaitali ngati munthu m'kachubu kakang'ono ioneni bwino, mizu yake imakhala itapindana pansi ngati nkhata. Mtengo wotero umakula zaka zitatu zinayi kenako umagwa ndi mphepo yoyamba yamphamvu. Dulani masentimita awiri apansi pa chubu ndi mpeni wakuthwa, ng'ambani pulasitiki m'mbali, muichotse yonse. Ambiri amabzala ndi chubu chomwe.

Mbande zochokera kumtunda, ku Blantyre kapena ku Thyolo, zikatsika Thabwa zimakumana ndi dziko lina. Zisapite kudzenje tsiku lomwelo. Zikhale sabata imodzi pamthunzi wapang'ono, sabata yachiwiri padzuwa, madzi mukuchepetsa pang'onopang'ono. Zofesedwa kuchigwa konkuno ndiye zabwino koposa.

Nyamadzere_boy
Nyengo yobzala mitengo dziko lonse ndi 15 Disembala mpaka 15 Epulo. Ndiye mu Malichi tikadali m'nthawi, sichoncho?

MlangiziWakale
Pa kalendala inde, pa nthaka ya kuno ayi. Mbande yobzalidwa mu Malichi imangolandira mvula ya masabata ochepa, mizu isanatuluke m'dzenje chilimwe chafika. Bzalani mvula ikanyowetsa nthaka kufika masentimita 30, kawirikawiri kumapeto kwa Disembala, ndipo pofika kumapeto kwa Januwale mukhale mutamaliza. Bzalani madzulo kapena tsiku la mitambo, n'kuthira ndowa yathunthu pomwepo ngakhale kunja kwanyowa. Kukachita ng'amba ya masabata awiri pakati pa dzinja, thirirani, musadikire.

Kabaza_Dyeratu
Zonsezi mbuzi imodzi imazithetsa pa mphindi zisanu.

Tsanya77
Eya, ndipo anthu akangokolola ziweto zimamasulidwa. Mtengo wopanda chotchinga pofika Meyi muuwerenge kuti kulibe. Zikhomo zinayi, kutalika mita imodzi ndi theka, kutambalala mita imodzi, chifukwa mbuzi imaima ndi miyendo yakumbuyo n'kupisa mutu. Lukani ndi bango kapena nsungwi, kunja muzingirire nthambi za minga za masau. Zikhomo zikhale zoti chiswe sichimaliza msanga, ndipo muzizionanso mwezi uliwonse.

FondeshoniYolimba
Chotchinga cha njerwa chimakhalitsa kuposa bango. Mumasanja mosiya mipata, popanda matope, ndipo mtengo ukakula njerwazo zimakagwira ntchito pena.

MaiNazale_Bangula
Kumtunda inde, bambo. Kuno njerwa ndi migolo yachitsulo zimasunga kutentha, mkatimo mu Okutobala mumakhala ngati mu uvuni, masamba amapsa mbande ili ndi madzi. Ngati ndi njerwa, mipata ikhale yaikulu ngati njerwa yomwe, ndipo bwalo lake lisachepere mita imodzi. Mgolo ayi.

FondeshoniYolimba
Pa mgolo ndavomera. Pa njerwa ndikuonabe kuti m'mbali mwa msewu wodutsa ngolo ndi ng'ombe bango silingathe chaka.

MadziAmchere
Ndiyankhe za mjigo uja. Madzi amchere pang'ono amapha mtengo mukamathirira pang'onopang'ono tsiku ndi tsiku. Madzi amauma pamwamba, mchere umatsala, mumaona kachikhungu koyera m'mphepete mwa beseni, ndipo mizu imakhala m'mwamba momwe muli mcherewo. Thirani chigubu chonse nthawi imodzi, madzulo, kuti madzi atsike ndi kukankhira mchere pansi. Chikhungu choyeracho chipaleni mukachitaye kutali, osachigaulira m'dothi. Kenako phimbirani beseni ndi udzu kapena mapesi, masentimita 10 kuchindikala.

Madzi osamba ndi otsukira mbale ndi abwino ngati sopo wake ndi wochepa. Ochapira a sopo waufa wambiri kapena a mankhwala oyeretsera zovala musathire pa mbande, makamaka pa makande, chifukwa amalimbitsa dothi mpaka madzi kukanika kulowa. Njira ina yosunga madzi ndi kukwirira mtsuko wadothi pafupi ndi mbande, kukamwa kokha kuonekera, n'kuvundikira. Umatulutsa madzi pang'onopang'ono pa mizu pomwe. Botolo la malita 5 loboola timabowo tiwiri pansi limagwiranso.

Chigubu20
Kuphimbira ndi udzu ndiko kuitana chiswe.

MlangiziWakale
Chiswe chilipo kale, achimwene. Chimakonda zouma, ndipo mbande imene chimagwira msanga ndi yofooka ndi ludzu. Pa beseni lopanda kanthu chouma chokhacho ndi khungwa la mbande yanu. Phimbirani, koma musiye mpata wa chikhatho chimodzi kuzungulira tsinde, udzu usakhudze. Phulusa pang'ono pa mpatawo limathandiza, koma pa dothi lamchere lisachuluke.

NgalandeKaye
Chinthu chimene sichinatchulidwe ndi madzi a mumsewu. Dera latsopano likadzaza malata, mvula ya ola limodzi imasanduka mtsinje. Ojambula misewu amafuna madziwo achoke msanga, obzala mitengo akuwasowa. Ngalande ikumbidwe kaye mitengo isanabzalidwe, chifukwa mukaikumba pambuyo mumadula mizu ya mbali imodzi, mtengo n'kudzagwera mumsewu. Mzere wa mitengo ukhale mita imodzi ndi theka kapena awiri kuchokera pa mlomo wa ngalande. Pa dothi lomwa madzi, tsegulani kamkwasa kochoka m'ngalande kulowa m'beseni la mtengo uliwonse, kokhala ndi potulukira kuti beseni likadzaza madzi abwerere. Pa makande odikha madzi musatero. M'mphepete mwa ngalande bzalani udzu wa vetiva, mapesi atatu pa phando, motalikirana masentimita 10 mpaka 15.

Onaninso mbali imene mapolo a ESCOM ndi mapaipi a Southern Region Water Board adzadutse. Mbali imeneyo ikhale ya mitengo yaifupi. Mtengo wautali pansi pa mawaya udzadulidwa mutu, ndipo nthambi zophukira pa chilonda chotero ndi zimene zimathyoka ndi mphepo.

DzuwaLaMasana
Komanso mthunzi wopanda mphepo sukwanira kuchigwa. Mtengo ukamakula muzichotsa nthambi zam'munsi pang'onopang'ono mpaka mamita awiri ndi theka, kuti mwera uzidutsa pansi pake n'kulowa m'mawindo. Musachotse zoposa gawo limodzi mwa magawo atatu a masamba pa chaka. Dulirani mu Juni kapena Julayi, ndi sowo, pafupi ndi tsinde koma osasenda khungwa lake. Chikwanje chimasiya chilonda chong'ambika, ndipo chiswe chimalowera pomwepo.

Mtondo_waNsanje
Ndipo ngati derali silinalambulidwe lonse, pitani ndi penti muike chizindikiro pa mtondo, bwemba, mlambe, mpakasa ndi njale iliyonse imene ili kunja kwa msewu ndi fondeshoni. Pansi pa nthambi zake pasaunjikidwe mchenga, pasapondedwere matope, pasaime thirakitala, ndipo tsinde lisakwiriridwe ndi dothi lochoka mumsewu. Pomwe anadula kale, onani zitsa. Chitsa chophukira chili ndi mizu yakale yozama, sichifuna chigubu. Siyani mphukira ziwiri zamphamvu, zina dulani, tchingani mbuzi, chaka chotsatira musiye imodzi.

Mthunzi_Ngabu
Zitsa zilipo zambiri m'malo oterewa, ambiri amazizula kuti aotche makala. Funso lomaliza kwa mayi a nazale: njere za nimu ndi msikidzi zotola chaka chatha zingafesedwe chaka chino?

MaiNazale_Bangula
Ayi, zimenezo zafa kale. Nimu ndi msikidzi njere zake sizisungika. Za nimu tolani zakupsa zachikasu, chotsani mnofu, tsukani, muumitse pamthunzi masiku awiri, n'kufesa sabata ziwiri zisanathe. Za msikidzi chotsani kofiira kaja ndipo mufese m'masiku ochepa. Bwemba ndiye amasungika. Munyikeni m'madzi usiku umodzi, mufese mu Ogasiti kapena Sepitembala m'machubu aatali, kuti pofika Disembala akhale atafika msinkhu wopita kudzenje.